RAM yosiyana m'kompyuta imodzi: zimene ndinaona pa kashopu ka m'tauni ya Joni

Ndili ndi kathebulo ku Rosettenville, ku Joni, komwe ndimalembera anthu ma CV, kusindikiza mafomu, kukonza zithunzi, komanso kupanga mapulogalamu a maukwati ndi a maliro, makamaka a abale athu ochokera kumudzi amene amafuna kuti nyimbo ndi mbiri ya womwalira zilembedwe m'Chichewa cholongosoka. Ntchito yonseyi imadalira kompyuta imodzi ya patebulo, ya mtundu uja wa m'maofesi umene makampani amagulitsa akagula zatsopano. Ili ndi processor, ubongo wa kompyuta, ya Intel Core i5-8500, ndipo ndinaigula itatsala pang'ono kufika 14 October 2025, tsiku limene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, popeza Windows 11 imafuna processor ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena yoposa pamenepo, ndipo iyi ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatuwo. Inabwera ndi kathabwa kamodzi kokha ka RAM, malo amene kompyuta imasungirako kwakanthawi zimene ikugwirapo ntchito, ka mtundu wa DDR4, ka 8 GB, kothamanga pa liwiro la 2666, ndipo ndikatsegula CorelDRAW pamodzi ndi WhatsApp ya pa Chrome ndi mafayilo angapo a PDF, makinawo ankayamba kujejema moti kasitomala ankatha kufunsa ngati ndagona pampando. Task Manager, kapulogalamu ka Windows koonetsa mmene makina akugwirira ntchito, inkaonetsa kuti RAM yatsala pang'ono kudzaza nthawi zonse, choncho vuto linali lodziwika: ndinafunika kukagula RAM yowonjezera.

Shopu imene ndikunena ili m'tauni, pafupi ndi Small Street, mtunda woyenda pansi kuchokera ku Carlton Centre, ndipo munthu amachita kukwera masitepe opapatiza kuti aipeze. Dzina lake sinditchula, chifukwa zimene ndifotokoze pano zili ndi zotamanda komanso zodandaula, ndipo mashopu a mtundu umenewu m'dera limenelo ndi ambiri ndipo amafanana kachitidwe. Anandiuza za shopuyi ndi mnzanga wa ku tchalitchi, amene anati kumeneko kumagwira ntchito Amalawi awiri ndipo munthu atha kufotokoza vuto lake m'chilankhulo chake. Ndinanyamula kompyuta yonse m'chikwama chachikulu cha mizeremizere chija timanyamulira katundu popita kumudzi, n'kukwera nayo takisi.

Tsiku loyamba ndinapeza mnyamata wa pakauntala yekha. Pansi pa galasi panali chigubu cha ayisikilimu chodzaza timatabwa ta RAM togwiritsidwapo kale ntchito, tina tomangidwa pamodzi ndi mphira, tina tongotayika tokha popanda chokutira. Nditamuuza kuti ndikufuna kathabwa kogwirizana ndi kamene kali m'makina mwanga, sanatsegule n'komwe kompyuta kuti aone, koma anasolola kathabwa ka 16 GB kovala chitsulo chofiira chonyezimira, kolembedwa 3200, ka mtundu umene anyamata a masewera a pakompyuta amakonda. Anati, "Madala, DDR4 ndi DDR4 basi, bola ikalowa. Iyi ndiye yothamanga kuposa yanuyo." Ndinalipira R850, anakalowetsa pafupi penipeni ndi kathabwa kakale, anayatsa makina, Windows inaonetsa 24 GB, ndipo tonse tinakhutira kuti ntchito yatha. Zonsezi sizinatenge mphindi khumi.

Mawu a mnyamatayo ali ndi choonadi pang'ono, ndipo n'chifukwa chake amapusitsa. Mibadwo ya RAM siisakanizika ngakhale munthu atafuna: kathabwa ka DDR3 kali ndi timano 240 ndipo kamagwira ntchito pa 1.5 V, ka DDR4 kali ndi timano 288 pa 1.2 V, ndipo ka DDR5, ngakhale kalinso ndi timano 288, kampata kake kanadulidwa pamalo ena moti sikangalowe mu slot, kapena kuti polowetsera kathabwa, ya DDR4 pokhapokha munthu atathyola chinachake. Kulowa kwa kathabwa kumangotsimikiza kuti m'badwo ndi womwewo. Sikunena chilichonse za liwiro limene makina adzasankhe, za njira imene kathabwako kalumikizidwa nayo, kapena ngati kathabwako kali ndi moyo wabwino.

Kwa masiku awiri makina anayenda bwino ndithu, ndipo kujejema kuja kunatha. Tsiku lachitatu madzulo ndinali pakati pokonza pulogalamu ya maliro a mayi wina amene thupi lake limanyamuka m'mawa mwake kupita ku Mangochi, achibale atatu atakhala pabenchi kudikira, pamene sikirini inasintha mwadzidzidzi n'kulemba mawu akuti MEMORY_MANAGEMENT, makina n'kudzizimitsa okha. Atayakanso, fayilo imene ndinali nditasunga inakana kutseguka. Ndinayambiranso ntchito yonse pa laputopu yobwereka, ndipo achibalewo anachoka cha m'ma 10 koloko usiku. Palibe amene anandikalipira, koma aliyense amene anagwirapo ntchito ya anthu oferedwa akudziwa mmene chete wotero amalemerera. Usiku umenewo ndinali nditagamula kale mlandu mumtima: ndinati vuto ndi kusakaniza RAM yosiyana, monga mmene ambiri amachenjezera.

Ulendo wachiwiri ndi umene wandichititsa kulemba ndemangayi. Ndinapeza amisiri aakulu a pashopuyo, bambo wachikulire wa ku Zomba amene amakhala kuseri kwa katani pakati pa makompyuta otsegulidwa mimba. Atamva dandaulo langa sanatsutse ndipo sanavomereze. Anangoti, "Achimwene, tiyeni tiyambe taona zimene makinawa akunena okha, tisanaweruze." Anatsegula Task Manager n'kundilozera pamene palembedwa liwiro la RAM, ndipo panali 2133. Sipanali 3200 imene ndinalipirira, ngakhalenso 2666 imene ndinali nayo ndisanagule kalikonse. Kenaka anatsegula kapulogalamu kotchedwa CPU-Z, kamene kanaonetsa kuti timatabwa tonse tiwiri tikuyenda pa njira imodzi. Anandichenjezanso kuti ndisadzidzimuke ndi nambala ya 1066 imene kapulogalamuko kanalemba, chifukwa iko kamaonetsa theka la liwiro limene Task Manager imaonetsa.

Anafotokoza nkhani ya liwiro modekha, ndipo ndiyesa kuibwereza mmene ndinaimvera. Kathabwa kalikonse ka RAM kali ndi kachipu kakang'ono kotchedwa SPD, mmene munalembedwa maliwiro amene kathabwako kangayendere motsatira muyezo wa bungwe la JEDEC. Kompyuta ikamayaka imawerenga tichipu timeneti pa timatabwa tonse, n'kusankha liwiro limodzi limene tonse tingakwanitse, ndipo liwiro limenelo limakhala la kathabwa kochedwa kwambiri. Timatabwa tambiri ta masewera tolembedwa 3200 timafika pa nambala imeneyo pokhapokha munthu atayatsa XMP, njira yothamangitsira RAM kuposa liwiro lake wamba, mu BIOS, pulogalamu imene imayamba kompyuta ikangoyatsidwa, kawirikawiri pokweza magetsi kufika pa 1.35 V, koma popanda XMP timabwerera pa liwiro lake wamba, limene pa tambiri ndi 2133. Makompyuta a m'maofesi monga Dell OptiPlex ndi HP ProDesk kawirikawiri alibe poyatsira XMP, ndipo kuwonjezera apo, Core i5-8500 pa motherboard (thabwa lalikulu limene zida zonse zimalumikizidwapo) ya mtundu umenewu siipitirira 2666 ngakhale mutaipatsa kathabwa kothamanga chotani. Mwachidule, kathabwa kofiira kaja, kamene kanali kothamanga papepala, ndi kamene kanakokera pansi kathabwa kanga kobiriwira kopanda chovala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ine ndinagula mkuyuwo ndi R850.

Nkhani ya njira inali yapafupi kuimvetsa. Motherboard yanga ili ndi ma slot anayi, koma processor imalankhula ndi RAM kudzera m'njira ziwiri, ndipo ma slot awiri oyandikana kumbali imodzi amagawana njira imodzi. Kuti njira zonse ziwiri zigwire ntchito, zimene amisiri amazitcha dual channel, timatabwa tiwiri timayenera kulowa m'ma slot a mtundu umodzi, kudumpha imodzi pakati. Mnyamata uja anangolowetsa pamene panali pafupi ndi dzanja lake. Njira imodzi ya DDR4 pa 2666 imatha kunyamula pafupifupi 21.3 GB pa sekondi, ndipo ziwiri zimanyamula kuwirikiza, choncho kulakwitsa slot kumatayitsa zambiri kuposa kusiyana kwa 2400 ndi 2666 kumene anthu amakangana. Pa makina ngati anga, amene alibe khadi la zithunzi lapadera ndipo amadalira Intel UHD 630 ya m'kati mwa processor, kutayako kumamveka kwambiri, chifukwa zithunzi nazonso zimadya pa RAM yomweyo.

Komabe amisiriwo ananena momveka kuti zinthu ziwirizi, liwiro lotsika ndi slot yolakwika, zimachedwetsa makina koma siziyenera kuwagwetsa. Anatenga fulashi yokhala ndi MemTest86, pulogalamu imene imayaka yokha popanda Windows n'kumalemba ndi kuwerenga malo aliwonse a RAM mobwerezabwereza, ndipo anayesa kathabwa kamodzikamodzi. Kanga kakale kanadutsa ulendo woyamba popanda cholakwa. Kofiira kaja katangoikidwa kokha, mizere yofiira ya zolakwa inayamba kutuluka pasanathe mphindi makumi awiri. Kathabwako kanali kowonongeka kale kasanalowe m'makina mwanga, ndipo kakanagwetsa kompyuta ina iliyonse, kaya kali kokha kaya kali ndi mnzake wofanana nako ndendende. Mlandu umene ndinagamula usiku uja ndinaugamula molakwa. Ndikukhulupirira kuti ambiri mwa anthu amene amati kusakaniza RAM kunawaonongera makina anagwa m'mbuna yomweyi, yogula kathabwa kosayesedwa ka m'chigubu, n'kunamizira kusiyana kwa mayina.

Apa mpamene shopuyi inandikhumudwitsa kachiwiri. Mwini wake, amene anali atafika nthawi imeneyo, analoza chikwangwani cha pakhoma chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, n'kunena kuti mwina ndinakaononga ndekha kunyumba. Lamulo la dziko lino la South Africa loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008, pa ndime 56 limapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu wopezeka ndi chilema, ndipo wogulayo ndi amene amasankha pakati pa kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Katundu wogwiritsidwapo kale ntchito sachotsedwa pa lamuloli, pokhapokha ngati wogulitsa ananena chilemacho poyera ndipo wogula anavomera kutenga choncho. Chikwangwani cha pakhoma sichifafaniza zimenezi. Ndinanena mawu amenewa mwaulemu, amisiri aja anaonetsa mwiniyo sikirini imene inali idakali yofiira, ndipo anavomera kusintha kathabwako, ngakhale anachita monyinyirika ngati akundichitira chifundo. Ambiri a ife kuno timaopa kukangana m'mashopu, ena chifukwa cha mapepala, ena chifukwa cha chilankhulo, ndipo ndikukayika ngati munthu wofatsa kuposa ine akanatuluka ndi kanthu.

Posankha kathabwa kolowa m'malo, amisiriwo anakhuthula chigubu chija patebulo n'kuyamba kuwerenga timapepala tomatidwa pa timatabwa, ndipo ili linali phunziro limene sindinalipire. Anandionetsa mzere wonga PC4-2400T-U n'kunena kuti chilembo chobwera pambuyo pa 2400T ndi chofunika kuposa dzina la kampani: U ndi RAM wamba ya kompyuta ya patebulo, pamene R ndi ya ma server, imene imalowa bwinobwino mu slot koma makina ngati anga sangayake nayo. M'chigubumo munali timatabwa tinayi ta R tosakanikirana ndi tinzake, totchipa mokopa. Anandionetsanso zilembo za 1Rx8 ndi 2Rx8, zimene zimanena ngati tichipu ta pa kathabwa tagawidwa gulu limodzi kapena awiri, ndipo anati kusakaniza mitundu iwiriyi pa timatabwa tiwiri sikuvuta kawirikawiri, koma mavuto amachuluka munthu akadzaza ma slot onse anayi ndi timatabwa tosiyanasiyana, popeza processor imalemedwa. Za nambala ya CL, imene imanena kuchedwa kwa kathabwa poyankha, anati ndisataye nayo tulo, chifukwa DDR4 wamba ya 2400 imakhala CL17 ndipo ya 2666 imakhala CL19, ndipo mukawerengera nthawi yeniyeni zonse ziwiri zimagwera pafupi ndi ma nanosekondi 14.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi nkhani ya mayina. Pafupifupi tichipu tonse ta RAM timene tili pamsika timapangidwa ndi makampani atatu, Samsung, SK hynix ndi Micron, ndipo makampani ena ambiri amagula tichipu kwa atatuwa n'kutimata pa timatabwa tawo. Timatabwa tiwiri ta dzina limodzi ndi nambala imodzi, togulidwa miyezi yosiyana, titha kukhala ndi tichipu ta mafakitale osiyana m'kati, pamene tiwiri ta mayina osiyana titha kukhala ndi tichipu tofanana. Zimene zimagulitsidwa ziwiriziwiri m'paketi imodzi zili ndi ubwino wakuti zinayesedwa pamodzi, ndipo kwa munthu wa masewera amene akufuna XMP, kapena amene akumanga makina atsopano a DDR5, paketi yotero ndiyo njira yanzeru. Koma kwa munthu amene ali ndi kompyuta ya muofesi yoyenda pa liwiro wamba, kuyendayenda m'tauni kufunafuna kathabwa ka dzina lofanana ndi kakale n'kutaya ndalama ya takisi.

Panatsala timatabwa tiwiri toyenera. Koyamba kanali ka 8 GB pa 2666, kamene kakanandipatsa 16 GB yonse pa njira ziwiri ndi pa liwiro lokwanira. Kachiwiri kanali ka 16 GB pa 2400, kamene kakanatsitsa makina onse kufika pa 2400 koma n'kundipatsa 24 GB. Ndinafunsa ngati kukula kosiyana sikupha dual channel, ndipo anafotokoza kuti ma processor a Intel ali ndi kachitidwe kotchedwa Flex Mode: 8 GB ya kathabwa kakang'ono imagwirizana ndi 8 GB ya kathabwa kakakulu n'kuyenda pa njira ziwiri, ndipo 8 GB yotsalayo imayenda pa njira imodzi. Kutsika kuchoka pa 2666 kufika pa 2400 kumachepetsa zimene njira imodzi inganyamule kuchoka pa 21.3 GB kufika pa 19.2 GB pa sekondi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo pa ntchito yolemba ndi yosindikiza munthu sangakuone ndi maso. Chimene munthu amachiona ndi RAM ikadzaza, Windows n'kuyamba kukankhira zinthu pa disiki. Amisiriwo sanandisankhire. Anati iwo akanakhala osewera masewera akanatenga koyamba, koma pa ntchito yanga ya zithunzi zikuluzikulu ndi mapulogalamu ambiri otsegula nthawi imodzi, malo ndi ofunika kuposa liwiro. Ndinatenga ka 16 GB.

Sanandilole kunyamula makina tsiku lomwelo. Anaika timatabwa tiwirito m'ma slot oyenera, anayatsa MemTest86 n'kunena kuti iyenera kuzungulira maulendo onse anayi, zimene pa 24 GB zimatenga maola angapo, choncho ndibwere mawa. Ndinadandaula kuti ndikutaya tsiku la malonda, ndipo anandiyankha akumwetulira kuti, "Achimwene, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lija munathamanga, lero dikirani." M'mawa mwake ndinapeza sikirini ili chiyakire, maulendo anayi atatha popanda cholakwa ngakhale chimodzi, ndipo anandiuza kuti ndiijambule pafoni ngati umboni. Anandilipiritsa R150 ya kuyesako. Poyamba ndinaona ngati si chilungamo kulipira poyesa katundu amene shopu inayenera kuyesa isanagulitse, ndipo maganizo amenewo sindinawasinthe, ngakhale ndikuvomereza kuti pa ndalama zonse zimene ndinasiya kumeneko, R150 imeneyo ndi imene inagula chinthu chenicheni.

Chiweruzo changa pa shopuyi n'chogawanika monga mmene shopuyo ilili yogawanika ndi katani. Kuseri kwa katani kuli munthu wodziwa ntchito yake, amene amafotokoza popanda kunyoza, amene sanayese kundigulitsa chinthu chodula kuposa chimene ndinkafuna, ndiponso amene anaonetsa bwana wake umboni wotsutsana ndi thumba la shopu pamaso pa kasitomala. Kutsogolo kwa katani kuli chigubu cha RAM yosayesedwa ndi yosasankhidwa, ya ma server ndi ya makompyuta wamba pamodzi, yogwiridwa ndi manja pa timano take, komanso mnyamata wansangala amene sanaphunzitsidwe kusiyanitsa kuyaka kwa makina ndi kukhazikika kwake. Lisiti imene amapereka imangolembedwa kuti RAM ndi mtengo, popanda kukula, liwiro kapena nambala ya kathabwa, moti tsiku lobweza munthu alibe chomugwiririza. Ulendo wachiwiri ndinaumirira kuti alembe zonsezo, ndipo analemba.

Amene akufuna kupita kumeneko, kapena ku shopu ina ya mtundu womwewo, ayambe watsegula kompyuta yake kunyumba, itazimitsidwa ndi kuchotsedwa kumagetsi, n'kujambula kapepala ka pa kathabwa kamene ali nako, ndipo adziwe dzina la processor yake kuti asalipirire liwiro limene makina ake sangafikepo. Akafika afunse amisiri enieni, osati amene wayamba kumulonjera, ndipo asanyamule makina asanaone Task Manager ikuonetsa liwiro limene akuyembekezera komanso MemTest86 itamaliza. Mitengo yawo ya RAM yogwiritsidwapo ntchito ndi yotsikirapo kuposa ya yatsopano m'mashopu akuluakulu, ndipo pa makina a zaka zingapo ngati anga ndikuona kuti kusiyanako n'koyenera masitepe opapatiza aja.

Papita milungu isanu ndi umodzi tsopano, ndipo kompyuta siinagwepo. Pa tsiku lotanganidwa RAM imafika cha m'ma 13 GB, kutanthauza kuti 16 GB ikanandikwanira ndithu, koma sindikudandaula ndi malo otsalawo. Sabata yatha ndinadutsanso pashopupo kukagula chingwe cha makina osindikizira, ndipo ndinafunsa amisiri aja za kathabwa kofiira. Anatsegula dirowa yawo n'kundionetsa: anakalemba mtanda waukulu ndi cholembera chakuda kuti kasabwererenso pakauntala. Chigubu cha ayisikilimu chija chinali pamalo ake pansi pa galasi, chodzaza kuposa kale, ndipo mnyamata uja anali akusololamo kathabwa kena kuti apatse mayi amene anabwera ndi kompyuta yokulungidwa m'chitenje.